Anjira Anga a ku Songani

Khutu langa lakumanzere silimva. Anthu a kuno kwathu, kumunsi kwa sikimu ya mpunga ya Likangala, amadziwa kuti linafa ndi phokoso la makina a ku Joni, ndipo ine sindiwatsutsa. Munthu wochokera ku Joni amayenera kubwerako ndi kanthu. Ena amabwera ndi njinga yamoto, ena wailesi yaikulu, ena chifuwa. Ine ndinabwera ndi chikwama chimodzi ndi khutu logontha, ndiye bola khutulo likhale ndi mbiri yabwino.

Koma makina sanandilakwire. Anandimenya ndi Estere, mkazi amene ndinkamukonda, amene mudzi wonse unkamudziwa kuti ndi anjira anga.

Ndisanapite ku Joni ndinali mayi wa mwana mmodzi, Tadala, ndipo banja langa linali litatha. Bambo ake a Tadala anali msodzi. Ndinawakonda, ndisaname. Koma madzi a m'nyanja ya Chilwa atayamba kuthawa anatsatira matemba mpaka ku chilumba cha Chisi, ndipo kumeneko anapezako zambiri kuposa matemba. Ankhoswe anakhala pansi, mbali yawo ndi mbali yathu, nkhani inatha mwaulemu. Bamboyo anatenga ukonde wake ndi njinga yake, ine ndinatsala pakhomo pa amayi anga ndi mwana wanga ndi kamunda ka mpunga.

Estere anali wa ku Songani. Ankabwera kusikimu kudzapikula mpunga wokagulitsa kumsika wa kwawo, atamanga chitenje pamwamba pa thalauzi, beseni lake loyezera lili m'khwapa. Tsiku loyamba anavundula thumba langa ndi dzanja, natola kamwala, nakaonetsa kumwamba kuti aliyense aone.

"Amayi inu, mukugulitsa mpunga kapena mukumanga nyumba?"

Ndinamuyankha kuti ngati mano ake ndi ofewa akagule phala. Anaseka mpaka anthu a pamzere wina anatembenuka. Anagula thumba lonse, ndipo sabata yotsatira anabweranso ngakhale ndinali nditamuuza kuti mpunga watha. Chimene ndinkamva akatulukira pamsewu sindinkachidziwa dzina, kupatula maina oipa amene ndinkawamva kutchalitchi ndi pa wailesi. Ndinkangodziwa kuti tsiku lobwera iye ndinkasamba kawiri.

Mmawa wina amayi anadzaza dengu ndi mpunga wa faya wopeta bwino, namanga nkhuku miyendo. Anati, "Vala bwino, tikupita ku Songani. Mnzakoyu wapondaponda pakhomo pano mokwanira. Tikamange chinjira."

Chinjira kwathu kuno ndi ubwenzi wa akazi awiri umene abale amaudziwa ndi kuulemekeza. Mumapatsana mphatso, mumaitanana kuti anjira, wina akadwala kapena akaferedwa mnzake ndiye amayamba kufika. Anjira akagona pakhomo panu palibe amene amafunsa. Tinayenda wapansi mtunda wautali tisanapeze galimoto, amayi dengu lili pamutu, ine nkhuku ili m'manja, ndipo njira yonse tinkangokamba za nkhukuyo, kuti inali yaulesi kuikira ndipo sitidzaisowa. Ku Songani azakhali ake a Estere anatilandira, nabweza chitenje ndi mbale ziwiri zamaluwa. Ine mumtima ndinkaseka. Ndinkati amayi anga ndi ogona kwabasi, atsegula okha chitseko osadziwa chimene akulowetsa.

Ndinkasekanso ndi mantha. Amayi anali a chigwirizano cha amayi kutchalitchi, ovala zoyera Lachinayi lililonse. Ndinkadziwa, kapena ndinene kuti ndinkaganiza kuti ndikudziwa, kuti tsiku limene adzamve zoona adzanditulutsa pakhomo, ndipo Tadala sadzalola kuti ndimukhudzenso. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Amayi ndi amalume akanena kuti mwana atsale, amatsala.

Chaka chimene nyanja inauma mpaka anthu kumayenda wapansi kupita ku Chisi, ngalande za kusikimu zinangotsala ming'alu. Nazale yanga inapsa ndisanawokere. Estere anali atapitako kale ku Joni kamodzi, ndipo anati ntchito yosoka iliko, tipite. Tadala nthawi imeneyo mano akutsogolo anali atangoguluka kumene. Tsiku lonyamuka amayi anamugwira Estere manja onse awiri.

"Anjira, ndakupatsani mwana wanga. Chizungu sadziwa, njira sadziwa. Mukandisungire."

"Musadandaule amayi," anatero Estere. "Ali m'manja mwanga."

Za ulendowo ndimakumbukira kutentha kwa ku Tete ndi mapazi anga amene anatupa mpaka nsapato zinakana. Pachipata china tinaima padzuwa kuyambira mmawa mpaka masana. Estere anandikhazika pachikwama chake, nagwada pafumbi, nayamba kunditikita mapazi pamaso pa anthu onse a m'basi. Mayi wina anati, "Koma chinjira chenicheni ndi chimenechi." Ndimafuna kuti izinso zidziwike. Munthu amene anandigonthetsa khutu ndi yemweyo amene anagwada pafumbi tsiku limenelo.

Tinakafikira ku Debeni, kufakitale yosoka mayunifomu a ana asukulu. Estere anali pamakina, ine anandiika posita. Tsiku lonse ndinkaimirira ndi simbi yotulutsa nthunzi, makabudula otuwa akubwera osatha, ndikumaganiza kuti dziko limeneli lili ndi ana angati. Zenera linali limodzi, kumwamba. Chitseko ankachikhoma kunja kuti apolisi akabwera aziyesa mulibe anthu. Tinkagona m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ya munthu, pamzere wa tizipinda tisanu ndi kamodzi, mpopi umodzi, ndipo pafupifupi tonse tinali a ku Malawi.

Miyezi yoyamba inali yokoma, ndipo kukoma kwake ndi kumene kumandipweteka. Kwa nthawi yoyamba tinali ndi chitseko chathuchathu. Lamulungu lina Estere ananditengera kunyanja yamchere. Ine wa ku Chilwa, wozolowera madzi amene bwato umaliyendetsa ndi nsungwi, ndinathawa mafunde ndikukuwa, iye akugubuduka ndi phwete. Kumeneko ndinaona akazi awiri akuyenda atagwirana m'chiuno, palibe ndi mmodzi yemwe amene anawacheukira. Estere anati kuno malamulo amalola. Koma malamulowo sankafika pamzere wathu wa tizipinda. Pamenepo panali anthu a ku Jali, a ku Domasi, a ku Phalombe, aliyense ndi foni yake, ndipo nkhani ya pamzerepo inkafika kumudzi madzi a tiyi asanawire. Choncho panja tinali "anjira" ndi "inu". Chitseko chikatsekeka tinali "iwe".

Zinayamba ngati chisamaliro. Pasipoti yanga anatenga kuti ndingataye. Masiku anga ololedwa kukhala m'dzikomo atatha anati ndisamayende ndekha, angandigwire. Foni inali imodzi, ndipo inkakhala m'thumba mwake. Malipiro anga ankalandira ndi iyeyo chifukwa ankatha kulankhula ndi abwana, ndipo apa sindimunamizira, kumudzi ankatumiza mokhulupirika. Malata amene ali panyumba ya amayi lero anachokera m'simbi imeneyo. Ine ndinkangoona kuti ndikusamalidwa, monga amayi anapemphera.

Kufakitale kunali bambo wina wa ku Mozambiki wokonza makina, wolankhula Chilomwe ngati cha agogo anga. Tsiku lina anandipatsa lalanje, ndipo ndinaseka nthabwala yake. Titaweruka Estere sanalankhule njira yonse. Atatseka chitseko anandifunsa kuti lalanjelo linali lokoma bwanji. Ndisanayankhe, mbama.

"Iwe ndimakudziwa," anatero. "Amuna unawalawa, mwana unabereka. Kwa ine unangobwera kudzausa mvula. Tsiku lina udzabwerera komweko."

Kenako analira kuposa ine. Anavula bulauzi nandionetsa zipsera za pamsana zimene ndinkaziona masiku onse koma sindinafunsepo. Anati anamukwapula ndi alongo ake ndi waya ali mtsikana, atamupeza ndi mnzake wa kusukulu. Anati padziko lonse ali ndi ine ndekha. Ndinamupukuta misozi tsaya langa likuyaka moto, ndipo ndinapepesa ndine. Kuyambira pamenepo sindinayankhenso moni wa bambo uja, ndipo mpaka lero sadziwa chimene anandilakwira.

Sizinathere pa lalanje. Ndikachedwa pampopi, ndinali ndi mwamuna. Ndikatchula bambo ake a Tadala, ndikuwafunabe. Ndikakhala chete, ndikuganiza za wina. Anaphunzira kumenya malo obisika ndi malaya, ndipo ankakweza wailesi kuti a chipinda chinacho asamve. Ine ndinali wamphamvu kuposa iye, munthu wokulira pa khasu ndi matumba a mpunga. Ndikanafuna ndikanamugwetsa ndi dzanja limodzi. Chimene chinkandimanga manja chinali foni.

Lamulungu lililonse masana tinkaimbira amayi. Lamulungu lina, titakangana mmawa, ndinamuuza kuti ndatopa, ndikufuna chipinda changa. Sanakalipe. Anatulutsa foni, naimba, naikweza kuti ndizimva. Amayi atayankha, Estere anandiyang'ana m'maso.

"Amayi, ndili ndi nkhani yokhudza mwana wanuyu. Ndaisunga nthawi yaitali, koma lero ndati mudziwe."

"Nkhani yanji, anjira? Wadwala?"

Ndinagwada pansi. Ndinamugwira miyendo, ndikupukusa mutu. Anandisiya choncho kanthawi, amayi akufunsa kuti halo, halo.

"Wanenepa, amayi," anatero Estere akuseka. "Mukadzamuona simudzamuzindikira."

Amayi anaseka nawo, nathokoza Mulungu. Kuyambira tsiku limenelo sankavutikanso kulankhula zambiri. Ankangotulutsa foni n'kuiika patebulo.

A Malawi a dera lathu anali ndi kagulu kokumana m'galaja ya munthu wina tikatuluka m'tchalitchi. Ntchito yake yaikulu inali kuthandizana kutumiza maliro kumudzi, komanso kankaweruza nkhani za m'mabanja, poti ankhoswe enieni anali kutali. Tsiku lina ndinaona mayi wina wa ku Mulanje akuimirira ndi diso lotupa, nanena kuti amuna ake amamumenya. Atcheya, bambo wachikulire wa ku Thondwe, anamudzudzula mwamunayo mpaka anagwetsa nkhope. Amayi awiri anasankhidwa kuti azikamuyendera mayiyo. Ine ndinakhala kumbuyo, nthiti zikundiwawa popuma, ndikumuchitira nsanje mayi wa diso lotupa.

Mwezi wotsatira ndinalimba mtima. Atafunsa ngati pali wina ali ndi nkhani, ndinaimirira.

"Ine anjira angawa amandimenya."

Wina anaphulika kuseka, ndipo galaja yonse inatsatira. Atcheya anavula magalasi napukuta m'maso.

"Mayi, mlandu wa chinjira chiyambire sitinauweruzepo. Mwalimbirana chiyani, poto?"

"Mwamuna amene akulimbiranayo abwere poyera!" anakuwa mnyamata wina.

Mayi wa ku Mulanje uja, yemweyo, anandikoka chitenje nati, "Achemwali, mkazi mnzanu? Manja muli nawo, bwezerani."

Ndikanati chiyani? Kuti andimvetse ndinayenera kunena kuti Estere si anjira chabe, ndipo mawu amenewo akanafika ku Likangala dzuwa lisanalowe. Ndinakhala pansi. Estere anali pomwepo, ndipo anaseka nawo bwinobwino, nauza anthu kuti ndakwiya chifukwa anandiletsa kugula nsapato zodula. Anandigwira dzanja potuluka, anthu akutiyamikira kuti tagwirizana msanga. Masana a tsiku limenelo ndi pamene khutu langa linafa. Anandimenya ndi chipapa cha dzanja, kamodzi kokha, ndinamva ngati wina watseka chitseko m'mutu mwanga, ndipo pakhosi panayenderera timagazi.

Kuchipatala anandiperekeza yekha. Nesi anali mayi wabwino, anayang'ana khutulo, nayang'ana mikono yanga, nandifunsa funso mu Chizulu mofatsa. Ine Chizulu changa chinali cha moni ndi mitengo ya zinthu. Womasulira anali Estere.

"Akufunsa ngati uli ndi mwamuna amene wakupanga zimenezi," anatero.

Ndinati ndilibe mwamuna. Sindinaname ngakhale pang'ono, ndipo nesi analemba kuti ndinagwa.

Amene anaona anali Abiti Saidi, mayi wachikulire wa ku Machinga, kumpoto kwa nyanja yathu yomweyi, amene ankapinda zovala pafupi ndi ine. Malo ake anali kumanzere kwanga. Nditabwerera kuntchito anandilankhula kawiri osamuyankha. Anangonyamula tebulo lake nalizungulitsa, nakhala kumanja. Pa nthawi yopuma ankatulutsa matemba ouma amene abale ake ankamutumizira, tinkadya titabisala kuseri kwa mabelo, fungo lake likundifikitsa kudooko la ku Kachulu. Ankanditcha mwanangu, ndipo ankandinyoza kuti Alomwe sitidziwa kukazinga nsomba, timangoiopseza ndi moto.

Panapita nthawi yaitali asanafunse. Tsiku limene anafunsa ndinali nditalephera kukweza mkono kuti nditenge simbi.

"Mwanangu, ine sindikufunsa kuti ndani. Maso ndili nawo, ndipo zoweruza ndinasiyira Mwini wake. Ndikufunsa kuti mpaka liti."

Ndinalira pamakabudula a eni ake. Ndinamuuza zonse, munthu woyamba padziko kumuuza. Ndinati pasipoti si vuto, ndikudziwa pamene imakhala, m'kati mwa pilo. Vuto ndi foni. Ndikathawa adzaimbira amayi, ndipo Tadala sindidzamuonanso.

Abiti anapinda kabudula mmodzi, napinda wachiwiri. Kenako anati, "Nanga panopa ukumuona?"

Funso limenelo linandikhala pamtima masabata ambiri. Tadala pafoni anali atasiya kalekale kundiuza za kusukulu. Ankangopereka moni mwaulemu n'kubweza foni kwa agogo ake, ndipo ndinamumvapo akuuza mnzake kuti akulankhula ndi "amayi a ku Joni". Ndiye Lamulungu lina amayi anati, "Mwana wako wakula. Anamkungwi akufunsa ngati mayi wake adzakhalepo." Tadala ndinamusiya alibe mano akutsogolo. Ndinapempha Estere kuti ndipite, ngakhale mwezi umodzi wokha.

"Pita," anatero. "Koma foni ikafika iwe usanafike."

Abiti ndiye anakonza zonse. Zovala zanga ndinkapita nazo kuntchito mobisa chimodzichimodzi, iye n'kumazitulutsa m'kachikwama kake ka chakudya. Mlamu wake anali woyendetsa galimoto yonyamula katundu wa anthu kupita ku Malawi, ndipo anavomera kunditenga. Mmawa wa tsikulo ndinasolola pasipoti m'pilo Estere ali kosamba. Tinapita kuntchito limodzi ngati masiku onse. Pa nthawi ya tiyi, chitseko chitatsegulidwa kuti alowetse nsalu, Abiti anandikankha pamsana nati, "Usacheuke." Koma ndinacheuka. Estere anali atawerama pamakina ake, akulowetsa ulusi m'singano, lilime lili panja pang'ono monga ankachitira akaika mtima pa chinthu. Ndinkamukondabe, ndipo zimenezi zinkandichititsa manyazi kuposa zipsera.

Pachipata anadinda m'pasipoti mwanga kuti ndisadzabwererenso msanga, poti ndinapitiriza masiku. Ndinangoti zikomo. Njira yonse, ku Zimbabwe, ku Tete, ku Mwanza, ndinkangokonza mawu oti ndikanene amayi akandiponyera chikwama panja. Ndinaganiza zopempha kuti andilole kumuona Tadala kamodzi kokha, ngakhale chapatali.

Ndinatsika njinga ya kabaza dzuwa likupendeka. Madzi anali atabwerera m'nyanja, mpunga kusikimu utacha, ana akukuwa kuingitsa mbalame. Amayi anali pakhonde, atachepa thupi, tsitsi litayera. Anaimirira, nandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati, "Wafika." Analandira chikwama nalowa nacho m'nyumba. Mtsikana wamtali anatuluka, nagwada patali, nati, "Mwayenda bwanji?" Mwambo wake wa chinamwali unali utachitika kale ine ndikukonzekera ulendo. Anandipatsa madzi ndi manja awiri, monga timachitira ndi alendo.

Amalume anabwera mawa lake kudzaona zimene ndabweretsa, ndipo ataona chikwama chimodzi anakumbukira kuti ali ndi ntchito kudimba. Anthu ankafunsa kuti anjira mwawasiya bwanji, ine n'kumati ali bwino. Za khutu ndinati ndi makina. Amayi okha ndiwo sanafunse za Estere, ngakhale kamodzi. Ndinayamba kuganiza kuti mwina sanaimbe, mwina akusunga foniyo kuti adzaigwiritse ntchito tsiku limene ndayamba kupuma bwino. Foni ya amayi ikalira, ndinkasiya chimene ndikuchita n'kutchera khutu lakumanja.

Tsiku lina tinali kumunda, tikupuntha mpunga pa lona, awiriwiri. Dzuwa litafika pamutu tinakhala pamthunzi wa mulu wa mapesi. Amayi anali kumanzere kwanga. Anadzuka, mawondo akulira, nazungulira, nadzakhala kumanja. Ndinazindikira pamenepo kuti chifikire changa akhala akuchita zimenezi.

"Anaimba," anatero. "Tsiku lomwe unachokalo, masana."

Ndinayang'ana pansi.

"Anandiuza zonse. Zina ndi mawu oti sindingawabwereze. Amalira, amatukwana, amaliranso. Atamaliza ndinamufunsa kuti, anjira, chachilendo mwandiuza ndi chiti? Ine ndikufuna mwana wanga, ali kuti? Anadula."

Sindinamvetse. Ndinati, "Amayi, mwati chiyani?"

"Iwe, dengu lija ukuganiza ndinalinyamuliranji? Ndine wakhungu ine? Munthu wosamba kawiri tsiku lobwera wogula mpunga? Ndinaona mmene unkamuyang'anira, ndipo pachitsime anthu anali atayamba kale kutsinana. Ndinati asanakupatseni dzina lawo, ndikupatseni langa. Ndinapemphera, ndinalira, sindinganame kuti zinandikomera. Koma ndiwe mwana wanga. Ndimati ndikufunditse."

Ndinafuna kulira, koma chimene chinabwera poyamba chinali mkwiyo. Zaka zonse zija, kugwada konse kuja, galaja ija, mwana wanga kukula akunditcha amayi a ku Joni, zonsezo ndinkatchinjiriza chinsinsi chimene amayi anachidziwa ine ndisanachidziwe bwino.

"Bwanji simunandiuze?" Ndinawakalipira amayi anga kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga. "Mawu amodzi okha, amayi! Bwanji simunandiuze kuti mukudziwa?"

"Ndikanayambira pati?" anatero. "Zoterezi zimanenedwa bwanji? Nanga iwe bwanji sunandiuze?"

Mbalame zinatera pa lona n'kumadya mpunga, palibe anaziingitsa. Kenako amayi anatambasula dzanja, nagwira khutu langa lakumanzere, nalisisita ndi chala chokhakhala.

"Si makina awa."

"Ayi."

"Kangati?"

"Sindinkawerenga."

Amayi anaphimba nkhope ndi mpango wawo, mapewa akugwedezeka. Chibadwire ndinali ndisanawaonepo akulira kopanda maliro. Atatsitsa mpangowo anati, "Lamulungu lililonse unkati uli bwino, ine n'kumathokoza amene akukupha. Ndinamugwira manja ndine, ndinati mukandisungire. Womanga ndinali ine, ndiye nkhoswe wako ndinali ine. Mlandu umenewu unali wobwera nawo kwa ine, mwanawe. Ndimati ndikukufunditsa, osadziwa kuti ndakukulunga mpaka kukamwa."

Tisananyamuke anawonjeza kuti amalume asamve, akutchalitchi asamve, za makina zija zikhale momwemo. Ndinavomera. Kuno ndi kwathu, ndipo ndikudziwa pamene chifundo cha anthu chimalekezera.

Patapita masiku ochepa amayi anatsitsa dengu lija, lomwe lija, mkombero wake utayamba kumasuka. Anaikamo mbale ziwiri zamaluwa ndi chitenje chimene anachisunga osachivala. Anapita okha ku Songani kukabweza kwa azakhali a Estere. Sindikudziwa zimene anakanena. Anabwera madzulo dengu lili lopanda kanthu, nalikoleka pamalo pake, ndipo kuyambira pamenepo wina akafunsa za anjira amayankha ndi iwowo, kuti chinjira chinatha.

Estere sindinamvenso za iye. Masiku ena ndikamva mkazi akuseka mokweza pamsika wa mpunga mtima umadumpha, ndipo sindidziwa ngati ndi mantha kapena ndi chinthu china chija. Abiti Saidi ndinamva kuti akadali komweko, akupindabe makabudula. Tadala amandilemekeza kwambiri. Amandiphikira, amandichapira, koma akadwala mutu amakagona pamiyendo pa agogo ake, ndipo ine ndilibe pakamwa podandaulira.

Chimene chimandibwerera kawirikawiri si mbama ayi, kapena galaja ija. Ndi ulendo woyamba wa ku Songani. Tinayenda mtunda wonse uja awiriwiri, popanda wina womva, amayi akudziwa, ine ndikudziwa, ndipo tinakamba za nkhuku.